Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za Rahma

Sajeni Matilda Likagwa anafika pa holo ya sukulu ina ya pa boma nthawi ili 1:25 masana, Loweruka pa 17 Ogasiti 2024. Anabwera pa kabaza chifukwa galimoto ya polisi inali itapita ku Namwera. Uthenga umene analandira unali waufupi: foni yabedwa pa mpikisano wa chesi wa makalabu a achinyamata, ndipo yapezeka m'chikwama cha mtsikana.

M'holomo munali mabolodi khumi ndi awiri, uliwonse uli ndi wotchi yake pambali. Ana anali panja kudya. A Amidu, oyimbira mpikisanowo, anamulandira atagwira pepala m'manja.

"Ndime yachinayi inayamba 11:30," anatero. "Wosewera aliyense amapatsidwa ola limodzi pa wotchi. Mafoni muno sitilola, ndiye a Edmund, mphunzitsi wa kalabu ya pa boma pano, anasiya yawo pa chaja m'kalasi yomwe tikusungiramo zikwama. Pa 12:48 anakapeza chaja yokhayokha. Pa 12:55 ndinaiyimbira ndi foni yanga. Inalira m'chikwama cha Rahma Saidi wa kalabu ya ku Makanjira."

"Foni yapezeka, mwiniwake alipo. Mwandiyitanira chiyani?"

A Amidu anamuonetsa foniyo. Pa sikirini panali bolodi ya chesi, ndipo pansi pake panali mndandanda wa kusuntha, kuyambira koyamba mpaka kwa nambala 24.

"Iyi ndi pulogalamu imene imauza munthu chosuntha chabwino. Gemu ili apayi ndi yomwe Rahma amasewera ndi mnyamata wina, Sameer, nthawi imeneyo. Pa 12:10 Rahma anapempha kupita kuchimbudzi, anabwera 12:17. Atangokhala pansi anapereka chidole chachikulu, ruku, kusinthana ndi chaching'ono, hatchi, ngati munthu wopereka ng'ombe kuti alandire mbuzi. Ndipo anapambana."

"Ine ndimadziwa bawo basi," anatero Matilda. "Mukuti anaba foni kuti imuthandize kubera?"

"Ndi zimene anthu akunena. Wapambana magemu anayi onse. Ndime yomaliza ikuyamba 2:30, ndipo woyamba pa mpikisano uno ndiye akaimire boma lathu ku Lilongwe. Mukandiuza kuti anaba, ndimuchotsa."

"Musavutike ndi kumuchotsa, ndimuchotsa ndekha."

Amene analankhula anali bambo wamfupi wovala kanzu yotuwa, ataima pakhomo. Anati ndi a Sulemani, amjomba ake a Rahma, mlongo wawo wa mayi ake, ndipo amagulitsa usipa wouma mumsika wa pa boma.

"Kumudzi onse anakana kuti mwana wamkazi aziyenda mitunda chifukwa cha zidole," anatero. "Ndinalola ndi ine, chifukwa mbumba ndi yanga. Lero andiyimbira foni mumsika kuti mwana wanu ndi wakuba. Lole ya ku Makanjira inyamuka 3 koloko. Akwera, ndipo zidolezi sadzazigwiranso."

"Bambo, ndipatseni mpaka 2:30."

A Sulemani anayang'ana wotchi yapakhoma. "Mwatsala ndi mphindi makumi asanu ndi zisanu."

* * *

Mboni yoyamba inali mayi Asiatu, amene amagulitsa zitumbuwa kuseri kwa holo. Sanadikire kufunsidwa.

"Ndinamuona ndi maso angawa, a Sajeni. Kamtsikana kowonda ka hijabu yobiriwira. Kuchimbudzi sikanafikeko ayi. Kanapita pansi pa mtengo wa mango uwo, kuwerama, dzanja pakhutu chonchi, mkati mwa hijabu, n'kumalankhula."

"Kumalankhula ndi ndani?"

"Ndiye foni imeneyotu. Munthu angalankhule yekha?"

"Foniyo munaiona?"

"Hijabu imabisa zambiri, mayi. Ine ndimasungamo ndalama zosintha."

"Ndafunsa ngati munaiona."

Mayi Asiatu anatembenuza chitumbuwa chimodzi m'beseni. "Kuiona sindinaione. Koma kamagwedezeka chonchi, kutsogolo kumbuyo, kutsogolo kumbuyo, milomo ikuthamanga ngati mashini osokera."

"Anayandikira kalasi ya zikwama?"

"Kalasiyo ili mbali ina. Ine msana wanga ulibe maso."

Matilda analemba: pansi pa mango, dzanja pakhutu, foni sinaoneke.

Kenako anakawapeza a Edmund m'kalasi ya zikwama. Anali bambo wa zaka za m'ma 40, wovala shati yosita bwino, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono ngati ali m'kalasi.

"Sindikufuna mwana aliyense amangidwe, a Sajeni. Koma ndaphunzitsa chesi zaka khumi ndi ziwiri. Gemu imene amasewerayo ndi yodziwika, ya akatswiri akale, ndipo Sameer ndinamuphunzitsa ndine. Mpaka kusuntha kwa nambala 21 onse awiri amangotsata gemuyo. Pa 22 mtsikanayu anachita china chimene sindinachionepo m'buku lililonse. Mwana wa kumene kulibe ngakhale netiweki yodalirika wachitenga kuti?"

"Foni yanu imatsekedwa?"

"Imatsekedwa, inde."

"Ndi nambala?"

"Manambala anayi."

"Rahma anawadziwa bwanji?"

A Edmund anayang'ana chaja imene inali idakali pakhoma. "Ana amaona zala za munthu. Mwina m'mawa ndikutsegula."

"Mutabwera muno 12:48, munapezamo ndani?"

"Munali zikwama."

"Ndafunsa za anthu."

"Ana amalowa ndi kutuluka, kutenga madzi, kutenga zolembera. Sindinasamale."

Matilda analemba yankholo momwe linalili ndipo anajambula mzere pansi pake. Nthawi inali 1:48.

* * *

Rahma anali atakhala yekha pa benchi kumapeto kwa holo, manja pamaondo. Anali wa zaka 15. Maso ake anali ofiira koma sankalira.

"Unatenga foni ya a Edmund?"

"Ayi."

"Chikwama chako unachigwira liti komaliza?"

"11:20. Ndimatenga cholembera."

"Unachitseka?"

"Zipi yake inafa chaka chatha."

"Unauza a Amidu kuti ukupita kuchimbudzi. Sunapiteko."

Rahma anayang'ana pansi. "Pamenepo ndinanama."

"Unapita kukatani pansi pa mango?"

"Kukawerenga gemu."

"M'buku?"

"M'mutu. Ndinaiwala ngati poyamba ndi ruku kapena poni. Ndikangoganiza chamumtima sizibwera. Mpaka ndiitchule pakamwa kuchokera poyambira. Muno salola kulankhula."

"Dzanja pakhutu?"

"Kuti ndizidzimva ndekha. Ndi mmene timawerengera."

Matilda sanamvetse bwino, koma sanaonetse. Anapempha pepala limene Rahma ankalembapo gemuyo. Malembo anali aang'ono, oongoka, opanda pofufuta. Pambali pa kusuntha kulikonse panali manambala awiri.

"Awa ndi a chiyani?"

"Mphindi zotsala pa wotchi. Yoyamba yanga, yachiwiri ya mnzanga. A tichala amati tikabwerera kwathu tizidziwa pamene tinataya nthawi."

"Umalemba pa kusuntha kulikonse?"

"Tonse timalemba. Wosalemba amatunga madzi a kalabu sabata yonse."

Matilda anatenga pepalalo. Asanachoke, Rahma anafunsa motsitsa mawu: "Amjomba anena chiyani?"

"Anena za lole ya 3 koloko."

Mtsikanayo anagwedeza mutu kamodzi, ngati munthu amene ankadziwa kale.

* * *

A Dinala, mphunzitsi wa kalabu ya ku Makanjira, anali nkhalamba yopuma ntchito ya uphunzitsi wa pulayimale. Anabwera ndi ana anayi dzulo lake pa boti, maola asanu ndi limodzi pa mphepo ya mwera. Matilda anawapeza akuyesa kulankhula ndi a Sulemani, amene ankangoyang'ana kumbali.

"Kalabu yathu ili ndi ana makumi awiri ndi atatu, mabolodi awiri, buku limodzi," anatero a Dinala. "Foni ya sikirini tilibe. Ndiye ndinaganiza: ana awa madzulo aliwonse amakhala ku madrasa, amaloweza masamba athunthu pakamwa. Mitu yawo inazolowera. Ndinayamba kuwalowezetsa magemu a m'bukumo chimodzimodzi, mmodzi akutchula, ena akubwereza. Rahma ali ndi magemu makumi anayi ndi asanu ndi imodzi m'mutu."

"A Edmund akuti kusuntha kwa nambala 22 mulibe m'buku."

"Akunena zoona. M'buku mwathu mulibe."

Anatulutsa bukulo m'thumba la pulasitiki. Linali lofufuma ngati buledi, masamba a kumapeto atamatirirana kukhala chinthu chimodzi cholimba.

"Julaye 2022 boti inalowa madzi titangodutsa Lungwena. Gemu imeneyi ndi yomaliza kuwerengeka, ndipo imathera pa 21. Kutsogoloku ndi phala lokhalokha. Ana anakana kuisiya yopanda mathero. Tinakhala pa bolodi masabata atatu, kukangana, kuyesa ichi, kuyesa icho, mpaka tinagwirizana kuti katswiriyo ayenera kuti anapereka ruku. Tinaloweza choncho."

Matilda anaitana anyamata awiri a kalabuyo amene anali panja chiyambire nkhaniyi. Mmodzi anamuuza adikire kuseri kwa holo. Winayo anamuimika patsogolo pa a Sulemani ndi a Amidu, iye atagwira pepala la Rahma.

Mnyamatayo anaika dzanja pakhutu, anatsinzina, n'kuyamba kugwedezeka kutsogolo kumbuyo. Mawu ankatuluka mwamyimbo, osapuma: poni ku e4, poni ku c5, hatchi ku f3. Matilda ankatsata ndi chala papepala. Pa 22 mnyamatayo anati ruku adye hatchi, ndipo papepala panalembedwa zomwezo. Wachiwiri atabwera ananena chimodzimodzi, kamvekedwe kake komweko, popumira pake pomwepo.

A Sulemani anali atatembenuka tsopano. "Akanakhala kuti juzu zawo za ku madrasa amazigwira chonchi, a shehe bwenzi akugona tulo," anatero. Koma nkhope yawo sinamasuke. "Izi zikuonetsa kuti amaloweza. Sizikuchotsa foni m'chikwama chake."

"Zoona," anatero Matilda. Nthawi inali 2:06.

* * *

Matilda anakhala pa tebulo la a Amidu, pepala la Rahma mbali ina, foni mbali ina.

"Mawotchiwa akayamba, amaima?"

"Ayi. Wina akasuntha amadina, ya mnzake n'kuyamba. Nthawi zonse imodzi imakhala ikuyenda."

"Ndiye ndikaphatikiza mphindi zimene onse awiri agwiritsa ntchito, ndipeza nthawi yeniyeni."

A Amidu anakweza magalasi awo. "Mupeza, inde."

Matilda anawerengera papepala. Pa kusuntha kwa nambala 22, Rahma anatsala ndi mphindi 41, Sameer 31. Anali atagwiritsa ntchito 19 ndi 29, pamodzi 48. Kuyambira 11:30, imeneyo inali 12:18, mphindi imodzi Rahma atabwerera pampando. Zinkagwirizana ndi zimene a Amidu analemba. Pa kusuntha kwa nambala 24, komaliza kumene kunali pa foni, Rahma anatsala ndi 37, Sameer 12. Pamodzi anali atagwiritsa ntchito mphindi 71.

"12:41," anatero. "Rahma anatulukanso itadutsa 12:17?"

"Ayi. Anakhala pampando mpaka Sameer anagonja 1:02. Foni titaipeza sindinaimitse gemu."

"Ndiye pa foni pali kusuntha kumene kunachitika patapita mphindi makumi awiri ndi zinayi iye atakhala kale pansi."

A Edmund, amene anali ataima kumbuyo, analowererapo. "Pulogalamu imalosera, a Sajeni. Ukaika gemu mpaka 21, imakuonetsa zotsatira."

"Tiyeseni. Bwezani pa 21, iuze chimene ikufuna."

A Edmund anabweza ndi chala. Patapita kanthawi muvi wobiriwira unaoneka pa sikirini. Unkaloza bishopu. A Amidu anasuntha ruku monga anachitira Rahma, ndipo pambali panatuluka chizindikiro chofiira.

"Chofiiracho chikutanthauza chiyani?"

"Kuti ndi kulakwitsa," anayankha a Amidu. "Ikuti akuda ali ndi yankho limodzi lowapulumutsa. Sameer analifufuza mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sanalipeze. Chimene anasuntha nachonso ikuchipatsa chofiira."

"Ndiye foni siinalosere izi. Munthu anaziika ndi chala, atazionera pa bolodi, pakati pa 12:41 ndi 12:48." Matilda anatembenukira kwa a Amidu. "Ndi osewera angati anali atamaliza magemu awo nthawi imeneyo?"

A Amidu anayang'ana mndandanda wawo. Mabolodi atatu anali atatha. Mwa ana asanu ndi mmodziwo, awiri anali a ku Lungwena ndipo anapita kumsika ndi mphunzitsi wawo, atatu anali aang'ono a kumabolodi akumbuyo. Wotsalayo anapambana pa bolodi yachiwiri nthawi ili 12:25.

"Tony Mbwana," anawerenga a Amidu. "Wa kalabu ya a Edmund. Ndi amene akuyenera kukumana ndi Rahma 2:30."

A Edmund anakhala pampando umene unali pafupi.

* * *

Tony anali wa zaka 16, wamtali, wovala jekete ya sukulu ngakhale kunali kotentha. Matilda anamupempha kope lake la chesi. Analipereka ndi manja awiri. Patsamba lomaliza panali gemu ya Rahma ndi Sameer, yolembedwa mothamanga ndi pensulo. Inathera pa 24.

"Nambala yotsegulira foni ya a tichala ako umaidziwa?"

Tony anayang'ana a Edmund.

"Yankha," anatero a Edmund ndi mawu otsika. "Amaidziwa, a Sajeni. Amawerengera magemu pa foni imeneyo masana aliwonse. Ndipo ndikulowa m'kalasi muja ndinakumana naye pakhomo. Ndinakubisirani zimenezo."

"Sindimafuna kuiba," anatero Tony. "Nditamaliza gemu yanga ndinaima kumbuyo kwa Sameer, kukopera, chifukwa ndimadziwa kuti ndikumana ndi Rahma. Gemu ija ndimaidziwa yonse. Koma ruku uja sindinamumvetse. Ndinaima pamenepo mphindi makumi awiri, osamumvetsabe. Ndiye ndinapita kukafunsa foni."

"Inati chiyani?"

"Inati walakwitsa."

"Ndiye?"

"Koma amapambana." Tony anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Kenako ndinamva nsapato za a tichala pakhonde. Wosewera akapezeka ndi foni amachotsedwa. Ndinaiponya m'chikwama chimene chinali chotsegula. Sindinadziwe kuti ndi chake."

"Unadziwa 12:55. Tsopano ndi 2:21. Wakhala chete ola limodzi ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi."



A Amidu anagamula pomwepo: Tony wachotsedwa mumpikisano, ndime yomaliza yapita kwa Rahma, ndipo ndi mapointi asanu palibe angamupeze. A Edmund anati mlandu wakuba sakuufuna. Anapita pamene panaima a Sulemani n'kupepesa, ndipo a Sulemani anamvetsera mpaka kumapeto.

A Dinala anali akuyang'anabe chizindikiro chofiira chija. "Zaka ziwiri," anatero. "Ana makumi awiri ndi atatu ndawalowezetsa kulakwitsa."

Rahma, amene anali ataitanidwa kuti amve chigamulo, anayandikira. Foniyo sanaiyang'ane.

"Kwini wakuda abwerere pa d8," anatero. "Ndi yankho lake limenelo."

A Amidu anadina pa sikirini. Muvi wobiriwira unachokera pa kwini wakuda mpaka pa d8.

"Unalidziwa liti?" anafunsa a Dinala.

"Mwezi wa Ramadhani. Ndimakanika kugona masana ndiye ndimangoiyendetsa m'mutu."

"Osandiuza?"

"Mumaikonda kwambiri gemu imeneyi, a tichala. Komanso munthu safulumira kubweza kwini kumbuyo wotchi ikutha. Sameer anali atadya kale theka la nthawi yake."

A Dinala anaseka mpaka kutsokomola. A Edmund anayang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kenako anapempha a Amidu kuti awalole kukopera magemu ake onse anayi.

Rahma sanaseke nawo. Ankayang'ana amjomba ake.

A Sulemani anabwera pa tebulo n'kuima patsogolo pa Matilda. "A Sajeni, amene anandiyimbira ine mumsika ayimbiranso kumudzi. Pofika pano mlongo wanga wamva kuti mwana wake ndi wakuba. Ine ndikakanena kuti si zoona, akati ndikubisa manyazi anga, popeza ndinalola ndine. Mundilembere papepala. Ndi chidindo."

"Chidindo chili ku ofesi."

"Tipita limodzi. Lole idikira, woyendetsa ndi mlamu wanga."

Matilda anang'amba tsamba m'kope lake n'kulemba tsiku, malo ndi nthawi. Analemba kuti Rahma Saidi sanatenge foni, sanaigwire, ndipo sanathandizidwe ndi munthu kapena chipangizo chilichonse. Anasaina. A Sulemani anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse, n'kubweza pepalalo.

"Pasowa chinthu chimodzi."

"Chiyani, bambo?"

"Tsiku la ku Lilongwe. Lilembeni pansipa, kuti akawerenge zonse kamodzi. Ndikamuperekeza ndekha."

A Amidu anati ndi Loweruka pa 21 Seputembala, 8 koloko m'mawa. Matilda analemba.